Mbale Imodzi, Masupuni Atatu

"Mwamuna umamudziwira pa mbale," anatero Amayi akupinda zovala pabedi, osandiyang'ana n'komwe. "Umuuze mphunzitsi wakoyo kuti Loweruka masana ndikufuna ndimuone akudya. Kamodzi kokha. Ndikakana, nkhani yathera pomwepo."

Ndinangoti kakasi, pilo ali m'manja. Chaka chonse ndinali nditawagwira mwendo kuti akumane ndi bwenzi langa Wamtali, iwo n'kumangoti lero mutu, mawa maliro, mkuja kwaya. Tsopano avomera, koma kavomeredwe kake kanali ka dokotala wozula mano akamati khalani apa.

"Ndipo usaiwale," anapitiriza, "mwana wa mnzanga uja sadzadikira mpaka kalekale. Akwawo afunsanso."

Mwana wa mnzawoyo ife timamutchula kuti Makiyi, chifukwa sangalankhule mawu awiri asanagwedeze makiyi a galimoto. Ali ndi sitolo ya mafoni, kamimba kotsogola, ndi mafuta onunkhira omwe amatsala m'nyumba mwini wake atapita kale. Amayi akamuona amaseka mpaka mano a kumbuyo. Ine ndikamuona mutu umandiwawa, weniweni, osati wonamizira ngati wa iwo.

Ndinathamangira kuchipinda kwanga n'kutenga foni.

"Avomera. Loweruka masana."

Yankho silinachedwe. "Kwa Mayi Kamtondo basi. Palibenso kwina."

"Chabwino, koma tamvera. Usakawerenge menyu chala chili ku mitengo. Usakayambe ulaliki wako wa kokonati. Ndipo chonde, chonde, usakalowe kuseri kwa katani."

"Ziwiri zoyambazo ndiyesetsa. Chachitatucho n'chovutirapo."

"Ukandichititsa manyazi ndikusiya," ndinalemba, n'kuikapo kankhope koseka. Koma ine sindinkaseka, ndinali ndi mantha.

* * *

Wamtali amaphunzitsa masamu, ndipo tsoka lake n'lakuti masamuwo sathera m'kalasi. Sopo amamutembenuza kawiri asanagule. Nsapato amaipinda, kuinunkhiza, kufunsa mtengo, n'kuibwezera pashelefu. Ukamunena kuti ndi wouma manja amapukusa mutu. "Kulipira sindikana," amatero, "ndimakana kuberedwa."

Lesitilanti yathuyo ili pakona ya msewu wathu, pakati pa malo ometera ndi kasitolo ka fotokope. Muli matebulo ochepa okhala ndi galasi pamwamba pa nsalu, fani yolira ngati ikudandaula malipiro, ndi chithunzi chofwifwa cha njovu pakhoma. Mwini wake ndi mayi wamfupi wochokera ku Thailand. Tonse timangomuti Mayi Kamtondo, poti ukamadutsa panja umamva gu, gu, gu, akusinja zokometsera zake kuseri kwa katani yobiriwira yotchinga kukhitchini.

Tinakumana momwemo tsiku la mvula, tonse tikuthawa kunyowa. Tinachita manyazi kukhala pampando wa eni osagula kanthu. Iye anayendetsa chala ku mitengo, kutsika, kukwera, kenako anandiyang'ana.

"Achemwali, msuzi wa nkhuku wa kokonati uwu, mbale imodzi ingatikwane awiri. Mukuti bwanji?"

Ndinaseka, n'kuvomera. Mayi Kamtondo anafunsa funso lomwe amafunsa aliyense: "Tsabola pang'ono, wapakati, kapena wambiri?"

"Wambiri!" ndinakuwa ine, poti ndine uja wosadya chinthu chosaluma lilime. "Wa kwanu weniweni!"

Wamtali anangomwetulira.

Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha, tebulo la pazenera linali lathu. Mbale imodzi, masupuni awiri, kampunga pambali, tsabola wambiri. Sitinkaitanitsanso n'komwe, mayiyo akationa ankangoyatsa moto. Zonsezi ndinkazikonda. Chomwe chinkandinyansa n'chimodzi. Tikatha kudya, Wamtali sankalipira patebulo ngati anthu ena. Ankalowa kuseri kwa katani, kuchedwa komweko, n'kutuluka akupukuta pakamwa. Ine ndinadziwiratu kuti amakanenerera mtengo ngati pamsika wa kaunjika.

"Lero wamudyera zingati mayi wa eni?" ndinkamunyogodola.

"Zina n'za amuna," ankayankha akuseka.

* * *

Loweruka kunacha kwa mitambo. Amayi anavala diresi lawo la kutchalitchi ndi nkhope ya kumaliro. Wamtali tinamupeza pakhomo atavala jekete lobwereka, manja ake ofupika.

"Mwaswera bwanji, Amayi?" anatero akuwerama mpaka kufanana nawo msinkhu.

"Taswera, aphunzitsi. Ndi panopa?"

Atakhala, anapukuta galasi la tebulo ndi chala n'kuchiyang'anitsitsa. Kenako maso awo anagwera pa timabotolo ta pakati pa tebulo, ka tsabola wouma, ka viniga, ka msuzi wa nsomba ndi ka shuga.

"Shugayu ndi wa tiyi?"

"Ayi, Amayi," ndinatero, "ena amathira m'chakudya."

"Shuga m'ndiwo? Dziko latha."

Anatsegula menyu, n'kuyitalikitsa poti magalasi anaiwala. Atapeza mitengo anagwira pachifuwa.

"Mayo ine! Kambale kamodzi ka msuzi ndalama yonseyi? Imeneyi ine ndingadyetse nyumba yonse mpaka pakati pa sabata. Kumsewu waukulu kuja kuli malo a magalasi okhaokha, mbale yake mpaka kusefukira, mtengo theka la uwu."

Ndinamuponda phazi Wamtali pansi pa tebulo, koma ndinachedwa. Maso ake anali atawala kale.

"Kujaku ndinadyako, Amayi. Chikomekome cha mkuyu. Msuzi wawo ndi wa m'chitini, amangotenthetsa, nkhuku yake ya dzana. Koma kuno, tamverani." Anakweza chala, ndipo kuseri kunamveka gu, gu, gu. "Amasinja okha. Kokonati amafinya okha m'mawa. Mbale ndi yaing'ono, inde. Mpando ndi wolimba, inde. Nkhanu zawo ine ndimati anakweza mopitirira, sindigula. Koma msuziwo, mukauika pa sikelo, ndi woyenera ndalama yake."

"Ndiye kuti mitengo ya zinthu mumaidziwa bwino," anatero Amayi mwapansipansi. "Mwana wangayu munamuikanso pa sikelo?"

Asanayankhe, katani inatseguka. Mayi Kamtondo anatulukira ndi thireyi, nkhope ili mwee.

"Ana anga abwera!"

Anaika mbale yathu ija pakati, utsi uli tolotolo, kampunga pambali, masupuni awiri. Ataona Amayi anawomba m'manja, n'kusolola supuni yachitatu m'thumba la epuloni.

"Awa ndi amayi? Munabereka bwino! Awiriwa, chaka chonse, mbale imodzi. Sanaitanitsepo ziwiri. Chikondi chenicheni chimenechi!"

Iye ankati akutiyamikira, mayi wosalakwa. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika. Amayi anayang'ana masupuni atatu aja nthawi yaitali, fani ikulira pamwamba pathu.

"Mbale imodzi," anatero. "Ine ndinalera mwana uyu ndekha, aphunzitsi. Ndinasoka zovala za anthu mpaka maso kuchita khungu kuti asadzalimbirane mbale ndi munthu. Lero ndikumva kuti chaka chonse wakhala akudya theka."

"Amayi, si choncho," ndinayamba.

"Iwe khala chete. Sindikulankhula ndi iwe."

Wamtali anasokonezeka. Munthu amene sagula machesi osagwedeza bokosi anatseka menyu osayang'anamo.

"Mayi, tibweretsereni nsomba yathunthu ija. Ndi nyama ya ng'ombe ya mandimu. Ndi tizingwe ta mpunga tokazinga tija. Ndi nkhanu."

"Nkhanu?" anadabwa Mayi Kamtondo.

"Nkhanu, mbale yaikulu."

Zinabwera zonse n'kuikidwa pakati pa tebulo, poti kumeneko chakudya amadya motapirana. Amayi anausa moyo.

"Kodi kuno munthu sakhala ndi mbale yakeyake ngakhale atalipira?"

Analawa msuzi uja kamodzi. Ndinawaona akumeza pang'onopang'ono, ndipo ndikulumbira kuti unawakomera. Koma anaika supuni pansi n'kupinda manja.

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka ngwelengwele. Makiyi.

"Ndinamuitana ndine," anatero Amayi. "Mwendo ukundiwawa, adzanditenge pa galimoto."

Makiyi sanadikire kuuzidwa. Anakoka mpando, n'kukhala pafupi nane mpaka mafuta ake kuphimba fungo la chakudya. Anatapa nkhanu, kutafuna, n'kukwinya mphuno.

"Tsabola ameneyu ndi wa ana. Kapena aphunzitsi ndi amene sangathe? Choko chimafewetsa m'mimba, eti?"

Wamtali anatenga kabotolo ka tsabola wouma, n'kukhuthulira pa mpunga wake mpaka kufiira, n'kuyamba kudya. Supuni, supuni, supuni. Thukuta linatsika m'khosi kulowa m'kolala. Milomo inatuwa. Ine chitsiru ndinanyada, ndikuti muoneni mwamuna wanga, sagonja.

Kenako anaimirira pang'onopang'ono, maso ali ku katani.

"Akupita kuti?" anafunsa Amayi.

Makiyi anaseka mokweza. "Akukapempha kuti amutsitsireko mtengo! Musavutike, aphunzitsi, ife tilipo." Anatulutsa chikwama n'kuchiponya patebulo.

Ndinamugwira Wamtali jekete.

"Khala pansi."

"Mphindi imodzi yokha," ananong'ona, maso akundichonderera.

"Ukalowa mmenemo, ine ndi iwe basi."

Anandiyang'ana, n'kukhala. Ku katani Mayi Kamtondo ankamukodola ndi dzanja, iye n'kungopukusa mutu. Bilu itabwera Wamtali anakankha chikwama cha Makiyi, n'kulipira yonse patebulo pomwepo, osaiwerenga.

* * *

Panja kunayamba kuwaza. Makiyi anatsegula chitseko cha galimoto ngati akutsegula kumwamba.

"Lowa," anandiuza Amayi.

"Ndiyenda wapansi ndi Wamtali."

"Pita nawo," anatero Wamtali, mawu ake ochepa. "Tilankhulana."

Sanandigwire dzanja, sanamwetulire. Anatsamira khoma, dzanja lili pamimba pomwe pali thumba la jekete. Ndinati mumtima, taonani, akulira chikwama chake.

M'galimoto Amayi sanadikire kuti tifike pakona.

"Ndamuona. Poyamba waumbombo, atachita manyazi n'kusanduka wosakaza. Munthu wopanda pakati ameneyo. Lero akumanitsa, mawa agulitsa bedi kuti aoneke bwino kwa alendo. Ndakana."

"Chakudyacho chinali bwino koma," anatero Makiyi akutola mano ndi kamtengo. "Kungoti malowo si a munthu wa ulemu wake. Ine ndidzakutengera kwa magalasi kuja, udzadye mbale yako wekha."

Ndinayang'ana pazenera. Ndinkamukonda Wamtali, ndipo ndinkamukwiyira koopsa. Zonse ziwirizo zinkandipweteka mofanana.

* * *

Madzulo ndinamulembera. "Wafika bwanji?"

Zii.

Lamulungu: "Amayi akana, koma tikambirane. Ine sindinakane."

Zii.

Lolemba ndinaimba mpaka foni kutentha. Inkangolira yokha. Pomwe Makiyi, abale inu, mauthenga ngati mvula: wadzuka bwanji duwa langa, wadya chiyani, ndikutumizire chiyani. Amayi nawo sankandipatsa mpata.

"Wakuyankha? Mwamuna wa ndalama yowerenga ndi choncho. Wakhala pansi, wawonkhetsa, wapeza kuti ndiwe wodula."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Lachiwiri m'mawa ndisanasambe n'komwe ndinawauza Amayi kuti akwawo kwa Makiyi abwere Loweruka. Anavina pakhonde ndi mwendo wowawa uja. Ine ndinakhala pabedi n'kumulembera Wamtali:

"Ngati ndalama ya nkhanu ikukupweteka kuposa ine, khala nayo. Amayi ananena zoona. Akwawo kwa Makiyi akubwera Loweruka, ndavomera. Usandifunenso."

Chakumasana timizere ta pansi pa uthengawo tinasanduka tabuluu. Wawerenga. Ndinadikira, ndinadikira, yankho osabwera. Ndinalira mpaka pilo kunyowa.

* * *

Lachitatu ndikudutsa pakona paja ndinawolokera tsidya lina kuti ndisaone tebulo la pazenera. Koma Mayi Kamtondo anandiona, n'kutuluka munsi uli m'manja.

"Mwana wanga! Ali bwanji? Madokotala akuti chiyani?"

"Madokotala ati?"

Anandiyang'ana, nkhope n'kugwa. Anandigwira dzanja n'kundikokera mkati, kudutsa matebulo, mpaka kuseri kwa katani komwe sindinapondeko chiyambire. Kunali kakhitchini kopanikiza, kamtondo ka mwala, mulu wa makoko a kokonati, ndi firiji yakale. Pamwamba pa firijiyo panali kapu yabuluu yobenthuka. Anaitsitsa n'kundipatsa.

"Kapu yake iyi. Ya mkaka."

"Mkaka?"

"Ali ndi zilonda za m'mimba, sunadziwe? Anandiuza tsiku la mvula lija. Mukatha kudya amabwera kuno, amamwa mkaka ndi mapiritsi ake, amakhala pa ndowa iyo mpaka moto utachepa. Ndimati, tiphike wopanda tsabola. Iye ayi, mnzangayo amakonda wambiri, mukachepetsa nkhope yake imagwa. Ndimati, ndiye mbale ziwiri, yachiwiri ndikupatsa theka la mtengo. Iye ayi, mbale imodzi ndi imene inatikumanitsa. Ndimamukalipira, samva."

"Si kuti amadzanenerera mtengo?"

"Iyeyo? Sanandichotserepo ngakhale kakobiri. Amati msuzi wanga ndi woyenera ndalama yake." Anapukuta maso ndi epuloni. "Loweruka ndinathira mkaka, ndinamukodola, anakana. Galimoto yanu itangokhota, anagwa pakhomo apo akusanza magazi. Wometa uyu ndi amene anamuthamangitsira kuchipatala."

Ndinakhala pa ndowa ija, kapu ili m'manja. Akuti safunsa anadya phula. Ine sindinafunse, koma phula anadya ndi wina, mwezi ndi mwezi, akumwetulira.

* * *

Kuchipatala ndinafika wefuwefu, nsapato imodzi itaduka lamba. Pakhomo la wodi ya amuna panali mayi wamtali, wa mphumi yofanana ndi ya Wamtali. Anali mlongo wake wamkulu, yemwe ndinkangomuona pa zithunzi. M'manja mwake munali foni yomwe ndinaidziwa ndi galasi lake long'aluka pakona.

"Pepani, achemwali, ndikufuna kuona…"

"Ndinu a tsabola aja?"

Ndinasowa poyang'ana. "Sindinkadziwa. Ndikulumbira, sanandiuzepo."

"Chaka chonse kudya mbale imodzi ndi munthu, osaona kuti akuvutika? Munkayang'ana kuti?"

Kudzera pa mpata wa chitseko ndinamuona. Anagona chakumapeto, dripi ili pamkono, mapazi atatulukira kunja kwa bulangete poti bedi linamuchepera. Mtima wanga unasweka.

"Ndiloleni ndingomupepesa. Ndipo chonde, m'fonimo muli uthenga wanga wa dzulo. Muufufute asanauone. Ndinalemba ndi mkwiyo, si zochokera mumtima."

Mayiyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Dzulo ndi pomwe anatsitsimuka bwino. Mawu ake oyamba sanafunse madzi, sanafunse ine amene ndagona pa simenti kuyambira Loweruka. Anafunsa ngati mwalemba. Manja ake alibe mphamvu, ndiye anati ndimuwerengere. Ndinatsegula womaliza, n'kuwerenga wonse, mpaka pa usandifunenso."

"Nanga enawo? Alipo ena, a Lamulungu…"

"Ndinafuna kupitiriza. Anati basi, wamva."

Ndinagwira khoma. "Ananenanso chiyani?"

"Anati mukadzabwera ndikuuzeni kuti nkhanu zija zinalidi zodula, koma iye sanadandaule nazo. Kenako anatembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo sanalawe kanthu." Anaika foniyo m'thumba la siketi. "Pitani kwa a galimoto anuwo, mayi. Mchimwene wanga walipira zokwanira."

Analowa n'kutseka chitseko.

Ndinaima pakhonde paja, anamwino akundilambalala ndi matireyi a mankhwala. M'chikwama changa foni inanjenjemera. Ndinaitulutsa mwachangu, ngati chitsiru, ndikuti mwina ndi iye. Anali Amayi.

"Alendo atsimikiza Loweruka. Pobwera ugule tsabola, akuti mkamwini amakonda wambiri."